Chaka Chomwe Ndinanenepetsa Kapitawo

Ndisanayambe, nditchule kaye mboni zanga, chifukwa ndikudziwa kuti inu Tadala ndi Chifundo mumati atate anu akanena kuti aona mbewa, ndiye kuti aona una wake chabe. Mboni yoyamba ndi Sisita Moyo, amene anali bwana wanga pachipatala cha pamgodi. Iwowo anatsogola, koma akanakhala moyo akanavomera mawu ndi mawu. Yachiwiri ndi Baba Ncube a kudibi ya ng'ombe ku Somabhula. Iwowo alipo, koma makutu anatseka, ndiye mukapita kukafunsa mukakuwe. Yachitatu ndi Kapitawo mwini wake, kamba wa amayi anu. Kambayu pamene ndikulemba pano ali kuseri kwa nyumba kuno ku Kwekwe, ndipo chikhalire naye sananditsutsepo ngakhale kamodzi. Ndalemba m'Chichewa dala. Ngati Chishona chinakudyerani lilime, muwerenge ndi chala.

Somabhula, chaka cha ukwati wathu

Ntchito yanga yoyamba inali yotsuka mabala pakachipatala ka zipinda ziwiri m'mbali mwa njanji. Bwana wanga anali mkulu wina wa ku Bulawayo amene nthenda iliyonse ankaichiza ndi ayodini: chilonda ayodini, chipere ayodini, munthu akadandaula za ukwati wake ankayang'ana kaye botolo lija asanamuyankhe. Somabhula ndi dziko la udzu ndi mphepo. Mphepo ya kumeneko inanyamulapo nkhuku yathu ili ndi dzira m'mimba, n'kukaikira ku Gweru. Ndikulumbira. Kumeneko ndi kumene ndinapita ndi amayi anu, Nabanda, atangofika kuchokera ku Ntcheu, asanadziwe ngakhale moni wa Chindebele. Kumenekonso ndi kumene tinaika mwana wathu woyamba, mkulu wanu amene simunamuone, atakhala nafe masiku asanu ndi anayi okha.

Patapita mwezi, Nabanda anabwera kuchokera kotola nkhuni atafunyiza kanthu m'chitenje. Anati anakapeza pakati pa njanji, kakulephera kukwera chitsulo, sitima ya malasha ili pafupi. Kanali kakamba kofanana ndi mbale ya ndiwo.

“Mwachita bwino, Nabanda,” ndinatero. “Nyama tinaiona kale.”

“Mukamudya ameneyu, a Phiri, mudzaphika nokha mpaka tsiku lanu lomaliza.”

Aka kanali koyamba kundiyankha mwamphamvu chiikire mwana uja, choncho za nyama ndinazisiya. Dzina ndinamupatsa ndine. Ndinaona kuti amayenda pang'onopang'ono, amasuzumira chilichonse, koma palibe ntchito imene amagwira. Ndinati uyu ndi Kapitawo basi. Patapita zaka zambiri anakumba kadzenje n'kuikira mazira, tinadziwa kuti ndi wamkazi, koma udindo sitinamulande.

Kumgodi wa cha ku Connemara, zaka za Sisita Moyo

Inu mutabadwa ndinasamukira kuchipatala cha mgodi wa golide, ndipo ndinakhalako mpaka kupuma ntchito. Sisita Moyo anali wamfupi, wa mawu ochepa, wovala yunifolomu yoyera moti ntchentche zinkapukuta mapazi zisanatere. Ankanditchula VaPhiri zinthu zikakhala bwino, ndipo “Achimwene”, dzina limene kuno amaitanira aliyense wa ku Malawi, ndikalakwa. Ntchito yanga inali kumanga mabala a anthu a pansi pa mgodi, kuwiritsa zitsulo, kusunga kiyi wa kabati ya mankhwala, ndipo Lachinayi lililonse kuyeza ana pasikelo. Sikeloyo inali yolendewera pamtengo wa pabwalo, ya kabudula wa nsalu. Mwana amalowa m'kabudula, muvi umazungulira, ine n'kuika kadontho pakhadi lake. Madontho akamakwera, mayi amapita kwawo akuseka. Akamatsika, Sisita ankamuitanira kuchipinda n'kumuphunzitsa phala la mkaka ndi dovi, chiponde chija cha kuno. Ntchito imeneyo ndinkaidziwa ngati pemphero la Atate Wathu.

Zaka zonsezo Kapitawo ankangoyendayenda m'komboni ngati mwini mgodi. Anakula mpaka kufanana ndi beseni losambitsira khanda. Anthu otuluka pansi ankamuvulira chisoti, ena kumupempha kuti awakwezere malipiro. Ankadya msipu wa kubwalo la mpira, madzulo n'kubwerera yekha kunyumba. Ine ndinkaganiza kuti kamba ndi ngati mwala wa pakhomo: umangokhalapo, sufuna munthu.

Chaka chija m'masitolo munatsala mashelefu okha, kuyambira Epulo

Chaka chimenecho mukuchikumbukira. Inu munali mutapita kale kukasaka moyo, wina ku Harare, wina ku Joni. M'sitolo ya pamgodi munatsala mchere wa ng'ombe ndi polishi ya nsapato, ndipo ndikudziwa munthu wina amene anayesa zonse ziwiri pa sadza, nsima ya kuno. Mgodi unaima, madzi anadzaza pansi, amuna anasanduka makorokoza okumba golide m'maenje akale. Mu Epulo uthenga unafika wakuti agogo anu ku Ntcheu agwa, mbali imodzi yafa. Nabanda anamanga katundu tsiku lomwelo, anakwera limodzi ndi amayi a geni opita ku Malawi. Pokwera kombi sananene kuti ndisamale nyumba kapena nkhuku, kapena ine ndemwe.

“Mundisungire Kapitawo.”

“Kamba amasungidwa bwanji? Nyumba ali nayo kumsana.”

“Ndanena, a Phiri.”

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndinalakwitsa ndi mtima wabwino. Ndinaona kuti anthu a m'komboni asiya kumuvulira chisoti, ayamba kumuyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mphika. Mkulu wina wa kutchalitchi kwathu anaima pampanda n'kundifunsa ngati m'buku la Levitiko kamba analetsedwa mwatchutchutchu kapena mongoganizira. Ndinachita mantha. Ndinamumangira kakhola ka waya kuseri kwa chimbudzi, pamthunzi, pomwe nkhuku zimagona, kuti asaoneke ndi maso a njala. Ndinkamuponyera makombo a sadza ndi masamba a kabichi akapezeka. Kuzizira kutabwera analowetsa mutu, ndinati wagona monga amachitira chaka chilichonse, ndinamuiwala.

Kamodzi pamwezi Sisita ankandibwereka foni yawo kuti ndiimbire mphunzitsi wina wa kumudzi kwa agogo anu, amene ankathamangira nayo kwa Nabanda. Mawu ankamveka ngati akuchokera pansi pa mgodi. Tikatha za odwala, funso linali limodzi.

“Nanga Kapitawo?”

“Iiih, musanene. Wanenepa mpaka chigoba chikumuthina. Ndikuganiza zomupititsa kwa telala akamuonjezere m'mbali.”

Anaseka. Ana inu, munthu amene wakhala miyezi akutembenuza mayi ake pamphasa, kumusambitsa ndi kumumwetsa phala ndi supuni, akaseka, umafuna kuti aseke kawiri. Mwezi wotsatira ndinati Kapitawo wathyola sitepe ya pakhonde. Mwezi winawo ndinati makorokoza abwera kudzamubwereka kuti aziphwanyira miyala.

Seputembala

Kutayamba kutentha, abuluzi atatuluka, Kapitawo sanatuluke. Loweruka lina m'mawa ndinalowa m'kakhola kaja, ndinawerama n'kukonzeka kunyamula cholemera, ndipo ndinatsala pang'ono kugwa chagada. Anali wopepuka ngati chipanda chopanda mowa. Mutu unatuluka pang'ono n'kulendewera. Maso anali atalowa m'kati, miyendo yatsala khungu lokwinyika. Nditamutembenuza ndinaona nkhupakupa. Zinali m'khwapa, m'khosi, kuzungulira mchira, zothithikana ngati anthu a pamzere wa buledi, zina zazikulu ngati nzama. Imodzi inali itakhuta moti nditaichotsa kuchipatala inandiyang'ana n'kugeya. Sisita anamva. M'ndowe zake munali tinjoka toyera tikuyenda.

Ndinamunyamula m'thumba mpaka kuchipatala. Sisita anayang'ana kamba, anayang'ana ine.

“Achimwene, uyu ndi amene akuthyola masitepe uja?”

“Ndi yemweyu, Sisita. Wangodwala pang'ono.”

“Mai Phiri ankabwera kuno Lamlungu lililonse potuluka kutchalitchi kudzabwereka kachitsulo kopanira kakang'ono kaja. Zaka zonsezi mumaganiza kuti amakazulira nsidze?”

Sindinkadziwa. Zaka makumi atatu m'nyumba imodzi, Lamlungu masana ine ndili kubawo, amayi anu ali pansi kumuchotsa Kapitawo nkhupakupa imodziimodzi. Ndinakhala pabenchi la odwala ndi kamba pamiyendo, ndipo tsiku limenelo nthabwala sinabwere.

Nkhupakupa ndinazichotsa tsiku lomwelo. Ndinkagwira iliyonse pamutu penipeni ndi kopanira kaja, kukoka pang'onopang'ono kuti mano asatsalire m'khungu, n'kuiponya m'chitini cha parafini. Mabala ndinatsuka ndi madzi amchere n'kudontheza ayodini. Bwana wanga woyamba uja akanandinyadira. Kenako ndinachita zimene manja anga ankadziwa. Ndinamulowetsa m'kabudula wa sikelo, ndinamutsegulira khadi, dzina Kapitawo Banda, ndinaika kadontho koyamba. Ndinamukulunga m'bulangeti ngati mwana wonyentchera, ndinamugoneka m'nyumba, ndinamuphikira phala la dovi ndi mkaka wa ufa umene ndinasinthanitsa ndi jekete langa la ukwati. Ndinkamumwetsa ndi jekeseni wopanda singano. Zotsatira zake anatsegula m'mimba masiku atatu, ndipo Lachinayi lotsatira kadontho kanatsika.

Vuto linali njoka za m'mimba zija, zimenezo ndinkazidziwa. M'kabati ya mankhwala munali mutatsala mapiritsi asanu ndi limodzi a njoka, a ana, ndipo galimoto yobweretsa ena inali isanaoneke chiyambire chaka. Kiyi anali m'thumba mwanga. Lachisanu masana, Sisita atapita kukaona mayi wina woyembekezera m'komboni, ndinatsegula kabati. Ndinatenga piritsi limodzi, ndinaliika m'dzanja. Mumtima ndinkati ndi limodzi lokha, ndani adzadziwe? Koma amene ankadziwa ndinali ine. Ndine amene ndinkaika madontho. Ndinkadziwa mimba zotupa zimene zinkalowa m'kabudula uja, ndi mayina ake, ndi amayi ake. Ndinaima pamenepo nthawi yokwanira kuphika nyemba. Kenako ndinalibwezera m'botolo n'kukhoma. Potembenuka ndinapeza Sisita ali pakhomo, sindikudziwa kuti anaima liti.

“Mukanatenga, VaPhiri, ndikanakuchotsani ntchito lero lomwe, kambayo n'kukaphikira ana.” Anavula magalasi n'kuwapukuta. “Ndipo mwina akanamupha. Ameneyo si munthu. Pitani kwa anthu odziwa nyama. Lolemba ndi Lachiwiri ndikhala ndekha.”

Ulendo wa ku Somabhula

Makombi analibe mafuta. Ndinamangirira kireti ya mabotolo kumbuyo kwa njinga, ndinayalamo udzu, ndinagonekamo wodwala wanga, ndinanyamuka dzuwa likutuluka. Pa Gweru apolisi anandiimitsa, anasuzumira m'kireti, mmodzi anati, “Mudhara, ndiwo zanu zaonda,” anandisiya ndipite. Kuchokera pamenepo mpaka ku Somabhula mphepo ija inandikumbukira. Ndinkapalasa katatu, n'kubwerera kawiri. Mtengo wina wa m'mbali mwa msewu ndinaudutsa kanayi, mpaka tinayamba kupatsana moni.

Baba Ncube ndinkadziwana nawo kuyambira masiku a kachipatala kaja. Ndinawasokapo mwendo ng'ombe itawapyoza. Ndinawapeza atakhala pamphepete mwa dibi youma. Anamunyamula Kapitawo, anamununkhiza, anamutsegula chikope. Kapitawo anawachita zimene mwambi wa kwathu umanena, kuti kamba amanyera yemwe wamutola. Iwo sanakwiye, anayang'anitsitsa pathalauza pawo ngati akuwerenga kalata.

“Achimwene, wamudyetsa chiyani?”

“Phala la mkaka ndi dovi.”

“Unaonapo kamba akuyamwa?”

“Ayi.”

“Unaonapo kamba atafunda bulangeti?”

“Wanga yekha.”

“Hawu! Anthu a chipatala, chilichonse kwa inu ndi khanda.”

Ndinawapempha jekeseni amene amabaya ng'ombe, uja amapha nkhupakupa ndi njoka nthawi imodzi. Anakana ndi mutu. Anati ameneyo kwa ng'ombe ndi mankhwala, kwa kamba ndi manda. Mzungu wina wa pafamu anabaya akamba ake awiri, onse anauma miyendo n'kufa. Analowa m'kanyumba kawo n'kutulutsa chigubu cha mankhwala oyera omwetsa mbuzi, mutatsala pang'ono pansi penipeni. Anandifunsa kulemera kwake. Ndinatulutsa khadi la sikelo. Anaseka mpaka kukhosomola, koma kenako anati ndi chinthu chimodzi chokha chanzeru chimene ndachita, chifukwa mankhwalawo amayezedwa ndi kulemera kwa nyama. Tinamukhazika m'beseni la madzi ofunda, osapitirira chibwano, n'kudikira. Patapita nthawi anatulutsa mutu, anaviika mphuno, anayamba kumwa, khosi likukwera ndi kutsika. Baba Ncube anamugwira kuseri kwa nsagwada ndi zala ziwiri, anamutsegula kamwa ndi chikhadabo, anadontheza.

“Ubwerezenso pakatha masabata awiri, chifukwa mazira a njoka safa ndi ulendo umodzi. Khola lija uligwetse, dothi lake ladzaza mazira, akabwereramo wayambiranso. Dzuwa, udzu, madzi. Basi. Ndipo iwe uzikhala naye. MaBanda wako ali kuti kodi?”

“Ali kwawo, akudwazika mayi ake.”

“Akudziwa?”

“Akudziwa kuti akuthyola masitepe.”

Okutobala mpaka Disembala

Khola ndinaligwetsa, zinyalala zake ndinatentha. Popeza kumusiya yekha kunali kumupereka kumphika, ndinayamba kupita naye kuntchito. Kuseri kwa chipatala kunali kapinga wothiriridwa ndi madzi otsukira m'manja, ndiye ankakhala pamenepo padzuwa, ine ndikumuona pawindo pomanga mabala. M'mawa uliwonse beseni la madzi ofunda. Ndowe ndinkazikwirira kutali. Lamlungu potuluka kutchalitchi bawo ndinalisiya, ndinkakhala pansi ndi kopanira kaja kumufufuza m'khwapa. Masabata awiri oyamba sanadye kanthu. Ndinamuikira bonongwe, chisoso, nkhwani, ndi madorofiya, zipatso zaminga za kuno, nditachotsa mingayo. Ankangoyang'ana ngati kapitawo weniweni amene wapatsidwa fosholo. Nditamumwetsa kachiwiri mankhwala aja, njoka zinatuluka zochuluka moti nkhuku zathu zinathawa. Mawa lake ndinamuikira duwa la dzungu. Analiyang'ana nthawi yaitali, anatambasula khosi, analuma. Ndinathamangira m'chipinda mmene Sisita ankabaya munthu jekeseni, ndikukuwa kuti wadya, wadya! Wobayidwayo, ali chiweramire, anandiyamikira m'Chishona kuti makorokoto.

Mvula itagwa msipu unaphuka, ndipo madontho anayamba kukwera. Ankayezedwa womalizira, ana onse akatha. Amayi a pasikelo anayamba kudikira kuti aone muvi wake, ena kumuimbira nthungululu, ndipo mkulu wa Levitiko uja anabweretsa masamba a mbatata ndi manja ake. Koma kamba sanenepa ngati nkhumba. Ankakwera pang'onopang'ono monga amayendera, ndipo ine ndinkawerenga masiku, chifukwa mu Novembala agogo anu anamwalira. Ine sindinathe kupita. Njira inalibe chokwera chimene ndikanakwanitsa. Pafoni Nabanda anati akhala kaye mpaka atamaliza za maliro, afika chaka chikamatha. Tsiku limenelo sanafunse za Kapitawo. Ndinadikira funso lija mpaka foni inaduka.

Tsiku lomwe anafika

Anatsika kombi masana, ndi kachikwama kamodzi ndi mpango wakuda kumutu. Ndinatsala pang'ono kumudutsa. Chitenje chinamuzungulira kawiri ndi theka. Ndinamulandira chikwama, tinayenda mpaka kunyumba tikukamba za maliro, amene anabwera ndi amene sanabwere. Pofika sanalowe m'nyumba. Anapita molunjika pomwe Kapitawo ankadya udzu, anagwada, anamunyamula ndi manja awiri, anamukweza ndi kumutsitsa ngati akuyeza thumba la ufa. Kenako anamutembenuza. Anayendetsa chala m'khosi, m'khwapa, pamchira, pazipsera zonse zija, chimodzichimodzi. Ine ndinaima ndi chikwama ngati mwana wa sukulu.

“A Phiri.”

“Wawa.”

“Ameneyu anafika pakhomo la imfa.”

“Anangosuzumirako.”

“Munandinamiza miyezi yonse ija.”

“Sindinaname, Nabanda. Ndinangonena zoona zisanachitike.”

Anamuika pansi bwinobwino, anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, ndipo sindinadziwe ngati kukubwera kulira kapena kuseka. Kunabwera zonse ziwiri.

“Ndinkadziwa,” anatero. “Kamba sanenepa m'nyengo yozizira. Koma kumeneko kunalibe wina wondiseketsa, ndiye ndinkangofunsa.” Anatambasula dzanja kuti ndimudzutse, ndipo linali lopepuka kuposa mmene ndinamupezera Kapitawo m'khola muja. “Popeza mwaphunzira ntchito, tsopano nenepetsani ine.”

Ndinayesa, ana inu. Munaona nokha kuti ndinayesa. Ndinaphunzira kuphika ndili ndi imvi. Anabwerera thupi pang'ono, anaonanso mvula zisanu, anasamuka nane kubwera kuno ku Kwekwe nditapuma ntchito, ndipo ndi iye amene anasankha nyumba ino chifukwa cha kapinga wa kuseri. Kuno anapeza malo ake pamwala wa pansi pa mtengo wa mapeyala, pomwe ankakhala masana kusenda mtedza. Nthenda imene inamutenga inalibe mankhwala m'kabati iliyonse imene ndinasungapo kiyi wake.

Kapitawo lero ndi wolemera moti pomunyamula ndimaitana aneba awiri. Masana aliwonse dzuwa likapendeka amasiya udzu, amayenda mpaka pamwala uja, amatambasula khosi lonse, n'kukhala choncho kanthawi. Kenako amabwerera. Iwe Chifundo unati amakhala akufuna chakudya. Mwana wanga, ine ndayeza ana pasikelo zaka makumi atatu, njala ndimaidziwa ikamabwera patali. Imeneyo si njala.